Ndinkapempherera Mitambo

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mnzanga wa pa desiki amene tinkabwerekana chilichonse mpaka chofufutira. Ine ndinkapempherera mitambo. Osati mvula ayi, mvula inkadontha m'chipinda chathu pafupi ndi bedi langa. Ndinkangofuna mitambo yokhuthala, yotuwa, ija imaphimba kumwamba konse kuyambira m'mawa n'kukhala osasuntha. Ndikadzuka, ndisanasambe n'komwe, ndinkakankha katani pang'ono n'kusuzumira kunja. Kukakhala kowala ngwee, mtima unkangoti zii. Kukakhala kwa bii, ndinkamwetulira ndekha ngati wakuba amene sanagwidwe.

Chifukwa chake chinali Amayi.

Kunyumba, ngakhalenso kusukulu, amanditcha Chete. Dzinali anandipatsa ndi Bambo ndili wamng'ono, poti alendo akabwera ndinkabisala kuseri kwa chitseko. Mlongo wanga, kamnyamata ka zaka zisanu ndi zitatu, timamutcha Wailesi, ndipo simufunika kufunsa chifukwa chake. Bambo amayendetsa lole ya maulendo ataliatali. Amabwera ngati mlendo, kugona pang'ono n'kunyamukanso. Ndiye nthawi zambiri m'nyumba timakhala atatu. Kapena ndinene kuti awiri, kukakhala dzuwa.

Amayi amagwira ntchito mu labu, m'nyumba ina yosanjikizana kumapeto kwa mzinda. Anzanga akafunsa ndinkangoti ndi asayansi, basi, chifukwa zoona zake anthu amaseka. Amayi amapanga ufa. Si ufa wophikira ayi. Ndi ufa umene amaupaka pa mbale yaikulu yafulati, n'kuthirapo timadzi, n'kuvindikira ndi galasi, kenako n'kuika padzuwa. Ufawo ukamwa kuwala umagawa madzi pawiri, n'kutulutsa mpweya wotchedwa haidrojeni. Mpweya umenewu umayaka. Ungathe kuphikira, ungathe kuyendetsa galimoto, ndipo ukayaka sipatuluka utsi wakuda, pamangotuluka nthunzi ya madzi.

"Ndiye bwanji ifeyo tikuphikirabe gasi wa m'botolo?" Wailesi anafunsa tsiku lina tikudya, mpunga uli tho m'kamwa.

"Meza kaye," anatero Amayi. "Chifukwa ufa wanga ndi waulesi, ndipo umatopa msanga."

"Ngati Bambo akabwera?"

"Iwe, ndikawauza."

Nkhani ya ufawo ndinkaidziwa kuposa nkhani za m'mabuku a kusukulu, popeza ndinakula nayo. Poyamba unali woyera ngati choko. Woyerawo unkangomwa kagawo kakang'ono ka dzuwa, kaja sitikaona koma kamawotcha khungu, kuwala kwina konse n'kumangopita pachabe. Amayi ndi anzawo anakhala zaka akuusakaniza ndi zina n'kumauwotcha mu uvuni, mpaka unasanduka wachikasu ngati pakati pa dzira. Wachikasuwo unkamwa kuwala kwambiri. Tsiku limenelo Amayi anabwera ndi keke, anavina m'khitchini atavala nsapato za kuntchito. Koma chisangalalo sichinakhalitse. Ufa wachikasu unkagwira ntchito masiku ochepa, kenako timathovu n'kuyamba kuchepa, kuchepa, mpaka zii. Ndiye anayambanso. Tsopano ankawazamo tizitsulo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, n'kuukuta ndi kachikopa kopyapyala koti uzipirira. Mu labu anali ndi nyale yoyesera, koma akuluakulu a kuntchito kwawo anati nyale yakwana, akufuna kuona ufawo ukulimba pa dzuwa lenileni, padenga, tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene moyo wathu unayamba kuyendera kumwamba.

Kukawala, Amayi ankachoka ife tisanamwe tiyi. Ankakhala padenga mpaka dzuwa kulowa, kenako n'kutsikira mu labu kukawerenga zimene makina alemba. Pofika kunyumba khosi lawo linkakhala litapsa, milomo itauma. Ankadya chiimirire. Nthawi zina ankagona pa mpando nsapato zili kuphazi, ine n'kuwavula pang'onopang'ono kuti asadzuke. Dzuwa silidziwa Loweruka, silidziwa Lamlungu.

Koma kukachita mitambo! Masana tinkangomva kiyi ikutembenuka pachitseko. Ankalowa akung'ung'udza kuti tsiku lapita pachabe, n'kuponya chikwama pa sofa. Likangotha ola limodzi mkwiyo unkatha. Ankakazinga mazira, kukangana ndi Wailesi za homuweki, kenako n'kundikhazika pansi pakati pa miyendo yawo kuti andiluke tsitsi. Zala zawo zinkanunkha sopo wa mu labu. Sitinkayankhula zambiri. Ine ndinkangotseka maso n'kumamva mawondo awo m'mapewa mwanga.

Ndinkadziwa kuti mitambo yangayo inkawapweteka. Ndinkadziwa kuti akalephera, ntchito ya zaka zonsezi itsekedwa. Komabe m'mawa mwake ndinkakankha katani n'kupemphanso.

Sindinanene chifukwa ine ndinali mwana wosavuta. Amayi ankatero kwa aliyense, kwa aneba, kwa aphunzitsi, kwa Bambo pa foni. "Wamng'onoyu ndiye mutu wanga ukuwawa naye. Koma Chete savuta. Uyu ndiye amandipumitsa." Ankanena monyadira, atandigwira paphewa. Ndipo munthu akakunyadira choncho, umaopa kuwononga. Nsapato ikathina ndinkapinda zala. Mutu ukawawa ndinkamwa madzi n'kugona. Ndinazolowera mpaka mawu akuti "zili bwino" ankatuluka okha ndisanaganize.

Chaka chino ndinamaliza sukulu. Titalemba mayeso, aphunzitsi athu a m'kalasi anati aliyense alembe mawu otsanzikana, ndipo abwino kwambiri akawerengedwa pa mwambo pamaso pa makolo. Aphunzitsiwa tinkawatcha a Choko, chifukwa siketi yawo sinkasowa chizindikiro cha dzanja loyera. Ine ndinalemba mosaopa, podziwa kuti owerenga zoterezi amakhala aja a pakamwa, a m'kalabu ya mtsutso. Patapita masiku a Choko anandiitana ku ofesi.

"Zako ndiye zasankhidwa. Ukonzeke."

"Madamu, mwina awerenge wina."

"Wolemba ndiye wowerenga."

"Mawu anga samveka, Madamu."

"Nanga maikolofoni anaigulira chiyani? Yokongoletsa?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Zaka zinayi wakhala pakona paja ngati tsache. Ndikufuna ndikumve kamodzi ndisanapume pa ntchito. Ukawauze amayi ako abwere msanga, akhale kutsogolo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkayeserera m'bafa, mpopi uli wotsegula kuti mawu asamveke kunja. Wailesi ankagogoda.

"Asisi, mukuyankhula ndi ndani mmenemo? Sopo?"

"Choka."

"Akukuyankhani?"

Iye sindinamuuze, chifukwa kuuza Wailesi n'chimodzimodzi kulengeza pa msika. Ndinkafuna Amayi amve kwa ine. Ndinkadikira tsiku la mitambo, nditakhala pakati pa mawondo awo, kuti ndinene nkhope yanga isakuoneka. Koma mitambo sinabwere. Kumwamba kunali mbee mlungu wonse, ngati wina wakukolopa.

Ndipo umenewo unali mlungu woipa kwa Amayi. Ufa watsopano uja, wa tizitsulo ndi kachikopa, unali padenga kwa nthawi yaitali kuposa wina uliwonse, ndipo unali ukulimba. Amayi anali atayamba kuimba posamba. Kenako mwadzidzidzi mpweya unayamba kuchepa. Akuluakulu aja anali oti abwera Lolemba kudzaona.

Lachitatu madzulo ndinawapeza pa tebulo, laputopu ili yotsegula, tiyi atazizira pambali. Pa sikirini panali mzere umene unkayenda mowongoka kenako n'kuyamba kutsetsereka. Ankangouyang'ana, chikhato chili patsaya. M'munsi mwa maso awo munali mutada. Ndinaima pakhomo la khitchini ndi kansalu kopukutira mbale, ndikukapotokola.

"Amayi."

"Mmm."

"Loweruka kuli mwambo wotsanzikana kusukulu."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wotuluka m'madzi. "Loweruka lino? Mayo ine." Anafikisa m'maso. "Watopanso, Chete. Ufa uja watopanso. Ndiyenera kudziwa chifukwa chake Lolemba lisanafike, apo ayi ndikaima pamaso pa anthu aja ndilibe chonena." Kenako anandiyang'anitsitsa. "Undiuze zoona, mwana wanga. N'zofunika kuti ndikhalepo?"

Anandifunsa. Izi ndiyenera kuvomera, anandifunsa ndithu, ndipo anadikira yankho. Koma ndinaona mzere uja pa sikirini, ndinaona mmene phewa lawo linagwera, ndipo pakamwa panga panachita zimene panazolowera.

"Ayi. N'zongogawa mapepala basi."

Anapuma mpweya wautali. "Iwe ndiye umandimvetsa. Tamvera, kukachita mitambo ndibwera. Ndikulonjeza."

Sindinapempherepo ngati mmene ndinapempherera masiku awiri otsatirawo. Ndinkapempha ndikutsuka mbale, ndikuyanika zovala, ndili m'basi. Ndipo Lachisanu chakumadzulo kunayamba kusintha. Kamphepo kozizira kanaomba, mitambo inaunjikana kumbuyo kwa nyumba zazitali, yolemera, yakuda m'munsi. Ndinathamangira m'chipinda cha Amayi, ndinatulutsa diresi lawo labuluu lija amavala pa zinthu zikuluzikulu, ndinalisita bwinobwino mpaka m'makwinya a m'chiuno, n'kulipachika pa chitseko chawo.

Loweruka m'mawa sindinafunike kukankha katani. Kuwala kunali kutalowa kale m'mbali mwake, kutagona pa bulangeti langa.

Amayi ndinawapeza pakhomo atavala buluku la kuntchito, chikwama paphewa, buledi kukamwa.

"Ndi iwe wasita diresi lija? Zikomo, mwana wanga, wandithandiza. Ndidzavala Lolemba kwa akuluakulu aja." Anandipsompsona pachipumi mothamanga. "Umutenge Wailesi. Mukamaliza mukwere basi mundipeze kuntchito, tibwerera limodzi. Ujambulitse chithunzi!"

Chitseko chinatsekeka. Ndinaima pomwepo mpaka phokoso la nsapato zawo linatha pa masitepe.

Holo ya sukulu inali yodzaza, yotentha, yonunkha polishi ndi mafuta odzola. Makolo anabwera ndi maluwa, ena ndi mabaluni. Ife omaliza tinakhala kutsogolo cha kumbali. Kuchokera pamenepo ndinkamuona Wailesi pa mzere wachitatu, miyendo ikulendewera. Anali atavula juzi yake n'kuiyala pa mpando woyandikana naye. Bambo wina wonenepa anafika n'kufuna kukhalapo.

"Pali munthu!" Mawu a Wailesi anamveka holo yonse.

"Ali kuti munthuyo?"

"Akubwera. Kukangochita mitambo."

Anthu oyandikira anaseka, osadziwa kuti akuseka chiyani. Bamboyo anapukusa mutu n'kupita kumbuyo. Wailesi anathamangitsa anthu enanso angapo chimodzimodzi, dzanja lili pa juzi ngati mlonda.

Dzina langa litaitanidwa ndinamva kunong'onezana m'mizere ya anzanga. "Chete? Uja amayankhula?" Ndinakwera masitepe atatu a pa pulatifomu pepala lili m'manja. Maikolofoni inali pamwamba kwambiri, a Choko anabwera kudzaitsitsa, n'kundisiyira chizindikiro cha dzanja loyera pamsana. Mawu oyamba anatuluka ngati a kamwana ka mphaka. Kenako ndinadzimva ndekha m'masipika, mawu anga enieni, aakulu, akugunda khoma la kumbuyo n'kubwerera. Ndinachita mantha, koma sindinaime. Ndinanena za zenera losweka la m'kalasi mwathu limene tinkatsekera ndi katoni, za belu limene linkalira mochedwa tikakhala ndi njala, za mmene tinkabwerekerana bolopeni imodzi pa mayeso oyeserera. Anthu anaseka pamene ndinkafuna kuti aseke. Mayi wina anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Nthawi yonseyi maso anga ankangobwerera pa juzi ija.

Nditamaliza anaomba m'manja nthawi yaitali. Wailesi anaima pa mpando wake, akukuwa kuti, "Ndi asisi anga amenewo!" Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma. Koma ndinangomva kutopa, kutopa kolemera, ngati ndasenza ndowa yodzaza mtunda wautali n'kupeza kuti kunyumba kulibe woilandira.

"Amayi ako ali kuti ndiwapatse moni?" anafunsa a Choko panja.

"Atanganidwa, Madamu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Unawauza?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Iwo sanafunsenso.

M'basi munali motentha ngati mu uvuni. Wailesi anakhala cha kuzenera, juzi ili pamiyendo, akubwereza mawu anga molakwitsa.

"Usakanene kwa Amayi," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Adandaula. Ali kale ndi zambiri."

"Asisi, ine pakamwa panga ndi pa loko." Anachita ngati akukiya milomo n'kutaya kiyi pa zenera. Sipanapite nthawi anatembenukira mayi amene anakhala kumbuyo kwathu. "Mukudziwa kuti asisi angawa ayankhula pa maikolofoni lero?"

Kuntchito kwa Amayi ndinali nditafikako kamodzi kokha ndili wamng'ono. Mlonda anatilembetsa pageti n'kutilozera masitepe. Labu inali pa nsanjika yomaliza, chipinda chachitali chonunkha ngati chipatala chosakanikirana ndi galaja. Pa mashelefu panali timabotolo tambirimbiri ta ufa, toyera kumanzere, kenako totuwa, kenako tachikasu chotuwa, mpaka tachikasu chenicheni kumanja, kalikonse kali ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja la Amayi. Ndinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa shelefuyo. Zinali ngati ndikuona ubwana wanga wonse utaikidwa m'mabotolo. Aka ndi ka chaka chimene ndinathyoka dzanja. Aka ndi ka tsiku la keke.

"Alendo a bwana!" Anatulukira bambo wina wamtali, woonda, atavala chipewa chachikulu chaudzu m'nyumba momwemo. Anali a Chipewa, amene amagwira ntchito ndi Amayi ndipo dzina lawo timalimva tsiku lililonse pa tebulo. "Uyu ndi Wailesi, ndamumvera kale pa masitepe. Ndipo awa ndi aja osavuta. Amayi anu ali pamwamba, achemwali, kwerani. Koma iwe bwanawe ayi, padenga salola ana."

"Ine si mwana."

"Chabwino, akulu. Bwerani ndikuonetseni maginito amene amavinitsa madzi okha."

Wailesi anaiwala zonse n'kuwatsatira.

Chitseko cha padenga chinali cholemera. Nditachikankha kutentha kunandimenya kumaso. Denga linali lafulati, la konkire, lowala mopweteka maso. Pakati panali mbale zija, zazikulu ngati zitseko, zitapendekeka kuyang'ana dzuwa, zachikasu pansi pa galasi. Nditayandikira ndinaona timathovu tating'onoting'ono tikunyamuka pa ufawo, tikukwera m'mizere mwakachetechete. Kuchokera pa mbale iliyonse panali kapaipi kopyapyala, timapaipi tonse n'kukakumana pa bokosi lokhala ndi mita yoyezera mpweya.

Amayi anali atagwada kuseri kwa mbale yomaliza. Anali ndi kapu ya pulasitiki m'dzanja limodzi, kaburashi kopentera m'dzanja linalo. Malaya awo anali atamatirira kumsana ndi thukuta.

"Mwafika? Gwira kapuyi." Sanatembenuke n'komwe. "Zayenda bwanji?"

"Bwino."

"Eya." Anaviika kaburashi m'kapumo. Munali madzi a sopo. Anapaka pa mfundo pamene timapaipi tiwiri tinalumikizana, n'kuyang'anitsitsa. Palibe chinachitika. Anakwawa ndi mawondo kupita pa mfundo ina, ine ndikuwatsatira ndi kapu.

"Mukuchapa mapaipi?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndikuwafunsa. Taona mmene ufawo ukutulutsira thovu. Ndakhala m'mawa wonse ndikuuyang'ana, ndipo sukuoneka ngati chinthu chotopa. Koma mita ikuti mpweya ndi wochepa. Ndiye mwina ukuthawira penapake usanafike ku mita." Anapaka pa mfundo ina. "Vuto la mpweya uwu ndi limenelo. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sulira. Gasi wa kunyumba akamathawa amanunkha, aliyense amadziwa. Koma uwu umangochoka mwakachetechete. Ukafuna kudziwa uyenera kugwada pansi ndi sopo."

Tinayenda choncho mfundo ndi mfundo. Konkire inkawotcha kudutsa m'nsapato zanga za sukulu. Ndinkayang'ana kumbuyo kwa khosi la Amayi, pamene khungu linasupuka, ndi timvi tingapo timene sindinationepo.

Tinafika pa bokosi la mita. Pansi pake, pamalo ovuta kufika, panali kampira kakuda kogwira paipi yaikulu. Amayi anagona chammbali pa konkire yotenthayo, anatambasula dzanja n'kupaka sopo. Poyamba panalibe kanthu. Kenako thovu limodzi linatupa, linakula pang'onopang'ono ngati tsaya la mwana, n'kuphulika. Linatupa lina. Kenako ambirimbiri.

Amayi sanakuwe. Anangokhala chigonere, akuyang'ana.

"Si ufa," ananong'ona. "Mlungu wonse ndakhala ndikuunamizira. Ufa ukugwira ntchito yake." Anadzuka n'kukhala pansi, atatsamira bokosilo, kaburashi kali m'manja. Maso awo anali atafiira. "Kampira aka kauma ndi dzuwa, kang'ambika. Ndinakayesa tsiku loyamba, kanali bwinobwino. Ndiye sindinakayang'anenso. Ndinkathamangira zovuta, za phokoso. Aka ndinangoti savuta."

Anatero akuseka, akupukuta thukuta ndi mkono. Koma ine kapu ija inapendekeka m'manja mwanga, madzi a sopo n'kutayikira pa siketi yanga ya yunifolomu.

"Chete? Watani? Ndi dzuwa?"

"Ndinayankhula." Mawuwo anatuluka aang'ono. "Ku mwambo. Mawu otsanzikana ndinalemba ndine, ndiye ndinawerenga ndine. Pa maikolofoni. Pamaso pa anthu onse."

Kuseka kunachoka pankhope pawo. "Iwe?"

Ndinagwedeza mutu.

"Unadziwa liti?"

"Kalekale."

"Lachitatu unkadziwa? Pamene ndinakufunsa paja?"

"Eee."

"Diresi lija." Anagwira pakamwa. "Mayo ine, diresi lija."

"Wailesi anakusungirani mpando. Anathamangitsa anthu."

Amayi anatseka maso. Mutu wawo unatsamira bokosi, ndipo pansi pake sopo uja anapitiriza kutupa ndi kuphulika. Ndinkadziwa kuti palibe chimene angachite. Mwambo unatha, mipando anaisanja kale, maikolofoni anaibweza m'kabati. Sindidzamalizanso sukulu kachiwiri.

Chitseko cha padenga chinatseguka. A Chipewa anasuzumira.

"Bwana, mwapeza kanthu?"

"Kampira ka pansi pa mita," anatero Amayi osatsegula maso. "Kang'ambika."

"Aaa! Ndiye ufa wathu uli moyo!" Anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba, ndipo ndinaona koyamba kuti alibe tsitsi. "Tisinthe pompano, bwana, dzuwa likadalipo. Tikathamanga tipeza manambala abwino a lero, Lolemba tikawaonetse anthu aja!"

Amayi anayang'ana kumwamba. Dzuwa linalidi likadalipo, loyera, lamphamvu, mtundu umene iwo amausaka chaka chonse. Ndinaona maso awo akupita ku mita, ku mbale zachikasu, kenako kwa ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti zili bwino, ndidikira pansi. Koma asanamve anakweza dzanja.

"Sinthani inuyo, a Chipewa. Timipira tili m'dirowa yachiwiri. Mukamaliza mulembe nokha manambala."

"Ndekha? Inu simunandisiyirepo mita chiyambire."

"Lero ndakusiyirani. Ndipo mumugwire Wailesi pansipo kaye."

A Chipewa anatiyang'ana tonse awiri, anatola chipewa chawo n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Amayi anaika kaburashi pansi. Anandilanda kapu ija n'kuiika patali. Kumapeto kwa denga kunali kamthunzi kochepa ka thanki ya madzi, ndipo anandikokera kumeneko. Anatembenuza ndowa yopanda kanthu n'kukhalapo, kenako anandikhazika pansi pakati pa mawondo awo, nditawafulatira, monga pa tsiku loluka tsitsi. Zala zawo zonyowa ndi sopo zinagwira mutu wanga. Kunali dzuwa, koma mawondo awo anali m'mapewa mwanga.

"Mawu ako aja undiwerengera onse, kuyambira poyamba, ngakhale kawiri," anatero. "Koma si zokhazo. Ndikumva m'mapewamu kuti si zokhazo. Sindikufunsanso ngati zili bwino, chifukwa yankho lako ndikulidziwa. Ndakhala pansi. Sindikupita kulikonse. Nena."

Patsogolo panga mbale zachikasu zinkanyezimira, zaka zonse za Amayi zitagonekedwa padzuwa. Ndinaopa kuti ndikanena andichotsa manja m'mutu. Ndinaopa kuti sindidzakhalanso mwana wosavuta. Ndinapuma monga ndinkachitira m'bafa, koma pano panalibe mpopi wobisa mawu anga.

"Amayi," ndinatero, ndipo mawuwo anamveka bwinobwino padenga ponse, "ine m'mawa uliwonse ndimapempherera mitambo."